Pegi Yofiira

Aphunzitsi athu a kalasi yolemba nkhani sankakonda bolodi. Loweruka lililonse masana ankafika m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale atanyamula chingwe choyanikira zovala, n'kuchimanga kuchokera pa chitsulo cha windo kukafika pa msomali wa kalendala. Nkhani ya aliyense inkayanikidwa pamenepo. Chochitika chilichonse chinkalembedwa pa khadi lakelake, makhadiwo n'kupanidwa ndi mapegi motsatana, kuyambira kumanzere kupita kumanja. N'chifukwa chake tinkangowatchula kuti a Chingwe, ndipo iwo ankavomera.

Mapegi onse anali amtengo, kupatula imodzi yofiira yapulasitiki.

"Nkhani ili ndi mafupa ngati munthu," ankatero. "Pali wina amene akufuna chinthu. Palinso wina amene akufuna chinthu chomwecho, koma onse awiri sangachitenge. Wachiwiriyu ndiye wa pa pegi yofiira. Akamakokana, chingwe chimakungika. Chikafika poti chiduka, munthu wanuyo asankhe, ndipo kusankhako kumutayitse kanthu. Chimene wasankhacho ndiye tanthauzo la nkhani yanu. Simuchita kulilalikira."

Panalinso lamulo: khadi lililonse losakungitsa chingwe linkagwera m'dengu la zinyalala.

Litafika tsiku langa, ndinayanika makhadi anga. Nkhani inali ya mayi wamtali amene akusamalira mwamuna wake wokalamba, wodwala matenda oiwala. Mayiyo ndi mkazi wachiwiri, woyamba anamwalira n'kusiya ana. A Chingwe anayenda m'mbali mwa chingwe manja ali kumbuyo, akuwerenga mokweza.

"Amatenthetsa madzi ometera ndevu, n'kuwayesa ndi chigongono. Zabwino. Koma ndani akulimbana ndi madziwo?" Khadi linagwera m'dengu. "Amadula mapiritsi pakati chifukwa mkuluyo amatsamwa." Linagweranso. "Amasiya wailesi ikulira chapansipansi akamapita kukachapa, kuti mkuluyo asadzione kuti ali yekha. Mayi, uwu ndi umboni wa kutchalitchi, si nkhani."

A Sajeni, wapolisi wopuma pa ntchito amene nkhani zawo zonse zinkathera m'selo, anaseka mpaka mpando kulira. "Mulibe mlandu m'menemo, chemwali. Ine ndikanatseka failo."

"Dikirani," anatero Mayi a Saluni akuloza ndi cholembera. "Mwati mayiyo anapeza ana pakhomopo? Basitu, mdani ndi yemweyo! Akutenthetsa madziwo maso ali pa nyumba. Ife timazimva zimenezi tsiku ndi tsiku tikamaluka anthu tsitsi."

A Chingwe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zikhoza kugwira. Ana akufuna bambo awo, mayi wowapezayo wawatsekereza. Ganizirani zimenezo. Koma pegi yofiirayi ikakhalabe yopanda khadi sabata yamawa, nkhani yanu siiwerengedwa pa tsiku lotsekera kalasi."

Anzanga akusanja mipando, ndinagwada pa dengu n'kutola makhadi anga, ndinawawongola pa bondo n'kuwaika m'chikwama.

Sindinawauze kuti mkuluyo ndi bambo anga. Amayi anamwalira ine nditangoyamba ntchito m'sitolo ya mankhwala. Patapita zaka bambo anakwatiranso, ndipo mayi amene anabwerayo ine ndinkangowaitana kuti anti. Achimwene anga sankawaitana n'komwe. Kwa iwo anali "mzimayi uja."

M'kati mwa sabata achimwenewo anatulukira kusitolo, akununkha matayala a kushopu kwawo. Anadikira kuti kasitomala atuluke, kenako anatsamira kauntala.

"Chipinda cha bambo kwathu ndakonza, ndapentanso. Alamu ako agula ndi makatani omwe. Chatsala ndi iweyo."

"Ine ndachita chiyani, achimwene?"

"Ukudziwa. Ine ndikawagwira dzanja bambo amakana, amandiyesa wakuba. Iwe ukawagwira amadzuka. Ukangowalowetsa m'galimoto, zina zonse ndi zanga."

"Koma akusamalidwa bwino kumene aliko."

"Kusamalidwa? Akunamizidwa! Akamuitana kuti Kafupi, mzimayi uja amavomera. Dzina la amayi athu! Munthu wamtali ngati pholo la magetsi, n'kumati 'ine' pa dzina la Kafupi. Anatenga bedi lawo, anatenga khitchini yawo, lero watenganso dzina. Iwe sizikukupweteka?"

Kafupi linali dzina limene bambo okha ankawaitanira amayi, chifukwa ankachita kukwera pa kampando kuti afikire shelefu ya m'khitchini. Zinkandipweteka ndithu. Tsiku loyamba kumva anti akuvomera dzinalo, ndinatuluka panja n'kukaima pa mpopi ngati ndikusamba m'manja.

"Ndipemphere kaye," ndinatero.

"Wakhala ukupemphera chaka chonse. Mulungu anakuyankha kalekale, koma iwe uli ndi thonje m'makutu." Anatola makiyi awo pa kauntala. "Ndamva kuti ukulemba za iyeyo kulaibulale kwanuko. Uzilembe zonse, usabise. Ndibwera kudzamva, ndipo tikatuluka kumeneko tikatenge bambo."

Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi ndinapita kwa bambo. Ndinawapeza pakhonde, thawulo lili pakhosi, anti akuwameta ndevu atawerama mpaka msana kupindika. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira. Nkhope yanga ankaidziwabe, ngakhale dzina langa linali litawathawa.

"Kafupi, taona amene wabwera."

"Ndamuona, bambo. Musagwedezeke, ndingakuchekeni."

Titamwa tiyi, bambo anayamba kusinza pampando. Ndinawatsatira anti kukhitchini, iwo akutsuka makapu ine ndikupukuta. Kampando ka amayi kanali kadakali pakona, tsopano pankakhala chitini cha shuga.

"Anti, bwanji simuwauza?"

Sanafunse kuti kuwauza chiyani. Anatseka mpopi.

"Ndinawauzapo, matendawa atangoyamba. Ndinati, 'Bambo, a Kafupi anamwalira kalekale, ine ndine wina.' Anandifunsa kuti amwalira liti, nanga bwanji palibe amene anawauza. Analira, mwana wanga, kulira kwa maliro atsopano, chakudya osachikhudza. Kutacha anali ataiwala zonse. Anandiitananso Kafupi." Anandipatsa kapu. "Ndiye ndiziwaphera mkazi wawo m'mawa uliwonse kuti dzina langa limveke?"

"Koma inuyo simufuna kuti akudziweni?"

"Ndimafuna. Ndine munthu. Kamodzi kokha asanapite, atanditchula ineyo. Nthawi zina ndikamawameta amandiyang'anitsitsa, ine mtima n'kumati lero akumbukira. Kenako amvekere, 'Kafupi, watalikatu masiku ano.'"

Anaseka, ine ndinasekanso, kenako tonse tinangoyang'ana m'sinki.

"M'nyumba muno tilimo akazi awiri," anatero akutsegulanso mpopi. "Mmodziyo saoneka, koma tiyi akakoma amayamikiridwa ndi iyeyo."

M'basi pobwerera ndinatseka maso n'kupemphera mwachidule. Ndinati, Ambuye, musandilole kunamizira munthu pofuna kuti nkhani ikome. Ndinawakumbukiranso amayi anga ataima pa kampando kaja, ndipo ndinapempha kuti chimene ndinkafuna kuchita chisakhale chowanyoza.

Loweruka lotsatira ndinafika msanga. Ndinayanika makhadi onse, ngakhale aja a makwinya ochokera m'dengu. Pa pegi yofiira ndinapana khadi latsopano: Mkazi woyamba, amene anamwalira.

A Chingwe anaima patsogolo pake, anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Makhadi awa ndinawataya."

"Ndinawatola, aphunzitsi."

"Ndipo wakufa salimbana ndi munthu."

"Wakufa sitimumanga unyolo, chemwali," anawonjezera a Sajeni. "Ngakhale samani sumupatsa."

Mawu anga ndi aang'ono, kusitolo anthu amandiuza kuti ndibwereze. Tsiku limenelo ndinawakweza.

"Munati wa pa pegi yofiira ndi amene akufuna chinthu chomwecho. Simunati akhale woipa. Simunatinso akhale wamoyo. Mayi wanga wamtaliyu akufuna kuti mwamuna wake amudziwe. Koma m'mutu mwa mwamunayo mwatsala malo a mkazi mmodzi yekha, ndipo mwakhala kale wina." Ndinagwira khadi loyamba. "Atenthetsa madzi, mkuluyo athokoza mkazi woyamba. Adula mapiritsi, athokoza mkazi woyamba. Chabwino chilichonse chimene iye wachita chikukalimbitsa mnzakeyo. Akamakonda kwambiri, m'pamene akuzimiririka kwambiri. Chingwe chikukungika pa khadi lililonse."

A Chingwe anayendanso m'mbali mwa chingwe, ulendo uno osachotsa kanthu. Atafika kumapeto anagogoda ndi chala pamalo opanda khadi.

"Chabwino. Mafupa alipo. Koma apa pali dzenje. Mayi wanuyo akungopirira kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Kupirira si kusankha. Mupatseni mpata woti apambane, tione chimene achite."

Ananena zoona.

"Tsiku lina mutu wa mkuluyo uyere pang'ono," anapitiriza. "Amuyang'ane n'kufunsa yekha kuti, 'Kodi ndiwe ndani?' Chitseko chatseguka. Zaka zonse zija zitulukire pamenepo. Atchule dzina lake, aponye beseni pansi, anene zonse."

Ndinalemba funsolo pa khadi n'kulipana pa dzenje paja. Kenako ndinalemba khadi lomaliza, n'kuliwerenga mokweza.

"Ayankha kuti, 'Ndine Kafupi.' Apitiriza kumeta."

"Ayi, ayi, ayi!" anakuwa Mayi a Saluni. "Ine ndikanamuthira madzi ometerawo kumaso. Zaka zonsezo, dzina langa anandipatsa makolo anga!"

"Omvera adzafuna kuti apambane," anatero a Chingwe. "Mwawayendetsa ulendo wonsewu, muwapatse kanthu."

"Munati kusankha kumutayitse kanthu. Chimene ankachifuna n'chimodzi chokha, ndipo chili m'manja mwake. Akachitenga, mkuluyo alira maliro atsopano. Ndiye achisiya. Beseni siliponyedwa."

"Anthu ena adzati ndi wopusa."

"Adzatero. Beseni siliponyedwa."

A Chingwe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ine ndikanaimaliza mwanjira ina. Koma nkhani ndi yanu, ndipo pegi yadzaza. Iwerengedwa." Anatambasula dzanja. "Kungoti khadi la wailesili silikukoka chilichonse."

"Limenelo likhala."

"Silikukoka, mayi."

"Likhala, aphunzitsi."

"Asiyeni," anatero a Sajeni. "Anthu ofatsa akakana, ngakhale ku siteshoni tinkangowapatsa tiyi."

Pa tsiku lotsekera anatipatsa chipinda chachikulu cha laibulale, chokhala ndi mafani awiri, imodzi yosazungulira. Anti sanabwere, sakanawasiya bambo okha. Achimwene anakhala pamzere wakutsogolo atavala shati yoyera, akuzunguza makiyi a galimoto pa chala. Polowa anali atandinong'oneza kuti sutikesi yolongedzamo zovala za bambo ili kale m'buti.

A Sajeni anawerenga yawo, wakuba anathera m'selo, anthu anaomba m'manja. Kenako inali nthawi yanga. Ndinawerenga maso ali pa pepala. Nditafika pa madzi ofunda makiyi aja ankalirabe. Nditafika pa maliro atsopano a m'mawa uliwonse makiyiwo anasiya kulira. Pa funso la mkuluyo wina kumbuyo anati, "Muuze!" Ndinawerenga yankho la mayiyo monga ndinalilembera, ndipo ndinakhala pansi. Ena anaomba m'manja, ena anangoyang'anana. Mayi a Saluni ankafufuza kanthu m'chikwama mwawo nthawi yaitali.

Achimwene anandidikira pa galimoto.

"Ndiye waika amayi athu kukhala mdani? Pamaso pa anthu?"

"Sindinawanene choipa chilichonse."

"Mzimayi uja wamusandutsa mngelo, amayi athu chopinga! Anakubereka amenewo, iwe!"

"Anandibereka, ndipo ndimawasowa ngati inuyo. Koma amene akuwameta bambo ndevu si iwo."

"Lowa m'galimoto."

"Ndilowa. Koma ndikuuzirenitu, achimwene, dzanja la bambo sindiligwira."

Ndinalowa. Njira yonse ankasintha magiya mwaukali. Ine ndinagwira chikwama changa pamiyendo, ndikupemphera osatsegula pakamwa.

Tinawapeza bambo m'chipinda chochezera, wailesi ikulira chapansipansi. Anti anali kuseri akuanula zovala. Atamva galimoto analowa atanyamula mapilokesi, anaona sutikesi m'manja mwa achimwene, ndipo anaima pakhomo la kukhitchini.

"Tabwera kudzawatenga bambo," anatero achimwene, akuyang'ana khoma. "Iwe, agwire dzanja."

Ndinakaima pafupi ndi anti, manja anga ndinawapinda kumbuyo.

"Ndati agwire dzanja!"

"Ndakana, achimwene. Bambo sachoka muno. Mukafuna kuwanyamula muwanyamule nokha, ine ndikuonerera."

Phokosolo linawadzidzimutsa bambo. Anayang'ana achimwene, anayang'ana sutikesi, manja awo anayamba kufufuza m'mbali mwa mpando.

"Kafupi! Kafupi, uli kuti?"

"Ndili pano, bambo." Anti anaponya mapilokesi pa tebulo n'kukagwada pambali pawo. Manja aja anapeza phewa lawo n'kudekha.

"Bambo awa ndi ndani? Achokera kutali, ali ndi katundu. Wawapatsa mpando?"

Achimwene anaika sutikesi pansi. Anayandikira, anawerama mpaka nkhope yawo kufanana ndi ya bambo.

"Bambo, ndine mwana wanu. Ndipo awa si amayi. Amayi ana..."

Bambo anawayang'ana mwachidwi, pakamwa patatseguka pang'ono, ngati mwana amene akudikira kuti auzidwe nkhani. Dzanja lawo linali lidakali paphewa la anti. Anti anaweramitsa mutu, osawaletsa. Inenso sindinawaletse. Wailesi inkalengeza za nyengo.

"Kafupi watani?" anafunsa bambo.

Achimwene anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Sanatani," anatero potsiriza. "Ndimati... akusamalani bwino."

"Ameneyu? Eee. Kungoti watalika masiku ano." Bambo anaseka okha. "Khalani pansi, bambo. Kafupi, alendo amwe tiyi."

Achimwene sanakhale. Anatola sutikesi n'kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pa geti. Anaiponya m'buti, inalira ngati ng'oma chifukwa munalibe kanthu.

"Usaganize kuti zatha," anatero osandiyang'ana. "Sindinavomereze chilichonse. Ndipo iweyo usadzandiimbire foni."

"Ndidzakuimbirani. Mukafuna musadzayankhe."

Analiza injini, koma galimoto sinasunthe msanga. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Malezala amene akuwametera aja ndi otchipa. Awacheka pachibwano."

"Mudzabweretse abwino."

Anakweza galasi n'kupita.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza ketulo ili kale pamoto. Anti anali atatsitsa makapu anayi, ndipo anaima akuyang'ana yachinayiyo. Ndinaitenga m'manja mwawo n'kuibwezera pa shelefu.

"Khalani pansi, amayi," ndinatero. "Tiyi ndipanga ine."

Anandiyang'ana, anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. Kuchipinda chochezera bambo anaitananso, ndipo iwo anapita.